Dambo lathu lisasanduke mapuloti

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'malo mwa anzanga a m'dera lathu, m'mphepete mwa mzinda wa Lilongwe. Ife tikukana zoti dambo lathu lisinthidwe pamapu kukhala malo omangapo nyumba za mipanda.

Nyumba zikusowadi m'tauni muno, lendi nayo yakwera, palibe akutsutsa. Koma dambo limeneli ndi lomwe limamwa madzi a mvula asanafike m'makomo mwathu. Amayi amalimamo mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi zokagulitsa kumsika, ndipo zitsime zathu siziphwa ngakhale mu Okutobala chifukwa cha dambo lomweli. Akathirapo simenti, madziwo alowera kuti? Tinaona mu 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire, asilikali mpaka kupulumutsa anthu ndi helikopita. Odzamira ndife okhala kumunsi, osati ogula mapulotiwo.

Chotiwawa kwambiri n'chakuti tinangodzidzimuka anyamata akukhoma mabikoni pakati pa mabedi a ndiwo, popanda msonkhano uliwonse, amfumu omwe osauzidwa. Akuluakulu oona za mapulani aimitse kaye zimenezi, abwere adzamve mbali yathu. Malo akumtunda oti n'kumangapo alipo.

Nzika yokhudzidwa,
Lilongwe