Za 1940 tamva, nanga bwanji za 1951?

Akonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa mkangano umene watentha pa WhatsApp masiku ano, woti dziko likanakhala bwanji Britain ikanasankha Lord Halifax kukhala nduna yaikulu m'malo mwa Winston Churchill mu May 1940. Apa sindikutsutsa. Halifax ankafuna kuyesa zokambirana kudzera kwa Mussolini, ndipo ine ndimaona kuti Hitler akanapeza mpata akanaitanitsanso Tanganyika, imene kale inali m'manja mwa Germany, nde taganizani a Nazi ali tsidya la Songwe kuyang'anizana ndi Karonga. Ayi, chaka chimenecho Churchill ankafunikadi.

Koma ife ana a matchona kuno ku Mbare, Highfield ndi Mufakose funso lathu lenileni ndi la 1951: zikanakhala bwanji Churchill akanapanda kubwerera pampando chaka chimenecho?

Churchill anali atationetsa kale mtima wake. Mu August 1941 iye ndi Roosevelt, mtsogoleri wa America, anagwirizana mu Atlantic Charter kuti mtundu uliwonse uli ndi ufulu wosankha boma lake, mwezi wotsatira yemweyo nkukauza palamenti kuti mawuwo kwenikweni akunena za mayiko a ku Ulaya omwe Hitler anawapondereza. Nthawi imeneyo azigogo athu a Keyala (asilikali a King's African Rifles) ali ku Abyssinia kulimbana ndi Mataliyana, kenako Madagascar, kenako m'nkhalango za ku Burma. Agogo anga mamendulo awo ankasunga mu chitini cha tiyi atawakulunga m'kansanza, ukawafunsa za Burma ankangoti mvula ya kumeneko siikata, basi.

Nde pa chisankho cha October 1951 chipani cha Labour chinapeza mavoti ambiri kuposa Conservative, koma mipando yambiri inapita kwa Churchill. Pang'onong'ono zedi! James Griffiths, nduna ya Labour yoona za mayiko olamulidwa ndi Britain, anali atafika ku Nyasaland chaka chomwecho nkudzimvera yekha mafumu ndi a Nyasaland African Congress akukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Atalowa Oliver Lyttelton wa Conservative m'malo mwa Griffiths, zomvera anthu akuda zinathera pomwepo, mafumu anachita kupita ku London kukadandaula koma osaloledwa nkuonana ndi Mfumukazi komwe, Inkosi Gomani ya ku Ntcheu anaichotsa paufumu chifukwa chokana, ndipo mu 1953 chitaganya chinakhazikitsidwa, likulu lake konkuno ku Salisbury (lero Harare).

Ena anena kuti zokambiranazo anayambitsa ndi a Labour omwewo, pa msonkhano wa ku Victoria Falls mu 1951. Zoona. Koma kuyambitsa zokambirana ndi kukakamiza anthu chinthu chimene akukana poyera ndi zosiyana, ndipo chitaganyacho chitafika mu palamenti a Labour anachivotera motsutsa.

Sindikunena kuti makolo athu sakanabwera kuno ayi, mabungwe olemba anthu ntchito a Mthandizi ndi Wenela anali akutola anthu kalekale, umphawi ndi msonkho zinalipo. Chimene chimandiwawa ndi 1959. Attlee, nduna yaikulu ya Labour, akanakhalabe pampando ndikukhulupirira kuti Kamuzu sakanakagona m'ndende ya ku Gwelo, ndipo anthu aja anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 March, atangopita kukaletsa kuti abale awo asatengedwe pa sitima, akanabwerera kwawo amoyo.

Ine wowerenga wanu,
Mbare, Harare