Nyumba siithawa, nanga msonkho wake ukuvuta pati?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za msonkho wa nyumba ndi malo, uja timangoti mareti. Makhonsolo akamalira kuti ndalama kulibe amathamangira kunena kuti anthu ndi okanika, safuna kulipira, koma ine ndimaona ngati vuto limayambira mu ofesi momwemo. Phindu la bizinesi munthu atha kubisa, koma nyumba ungaibise kuti? Imangokhala pompo dzuwa ndi mvula, nde khonsolo ikalephera kutolerapo kanthu nthawi zambiri ndi chifukwa choti siikudziwa n'komwe kuti pamalopo pali chiyani.

Nkhani yagona pa kaundula. Munthu anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, anagwetsa n'kumanga chinyumba chosanja, alenti ali tho, koma mu faelo ya kukhonsolo chikhalirecho ndi kanyumba kaja, bilu n'kumalembedwa m'dzina la mwini wake woyamba amene anatisiya kalekale, olo woipereka bilu yo sadziwa kuti agogode geti iti. Akatswiri owerengera mtengo wa nyumba ndi ochepa komanso odula, pomaliza kuzungulira tauni yonse mitengo ija yasintha kale.

Ndipo si za mayiko osauka okha ayi. Ku England msonkho wa nyumba wotchedwa council tax mpaka lero amawerengera mitengo ya nyumba ya 1991. Ku Germany khoti linachita kulamula mu 2018 kuti asiye mitengo ya 1964, pomwe chigawo cha kummawa anali pa ya 1935, tangoganizani. Andale amachita mantha kuwerengeranso poti bilu ikakwera mavoti amathawa.

Amene anandigometsa ndi a ku Freetown ku Sierra Leone. Mu 2020, pansi pa meya Yvonne Aki-Sawyerr, anatenga zithunzi za setilaiti, n'kutumiza anthu ndi mafoni kukalemba nyumba iliyonse, kenako n'kumapereka mapointi potengera zinthu zooneka ndi maso, kukula kwake, makoma, denga, msewu wapafupi. Nyumba zolembedwa zinachuluka pafupifupi kawiri, ndipo mwini wake amatha kuona yekha kuti bilu yafika bwanji pamenepo. Boma lalikulu linayamba laimitsa kaye ntchitoyo, ndale zimenezo.

Nde makhonsolo asanagule maloko okatsekera anthu mageti, ayambe alemba anthu ntchito yokonza kaundula, ndalama zizilowa kudzera kubanki kapena pafoni osati m'thumba mwa wotolera, ndipo galimoto yotola zinyalala izioneka mu msewu womwe bilu yadutsa.

Ndine wowerenga wanu wa masiku onse.