Kalata kwa mwana wanga amene akukana badminton ya awiriawiri

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi apabanja pako, ife kuno tadzuka bwino. Amayi ako andifotokozera kuti mphunzitsi wako wa badminton wakupempha kuti uyambe kusewera masewera a awiriawiri ndi mtsikana wina wocheperako msinkhu, ndipo iwe wakana, chifukwa ukufuna kuti mphamvu zako zonse zipite ku masewera a mmodzimmodzi pamene ukulimbikira kuti udzasankhidwe kupita ku African Games, mpikisano wa masewera osiyanasiyana wa mayiko a mu Africa, ya mu 2027 ku Egypt. Ndiwe munthu wamkulu ndipo chisankho ndi chako, koma ine ndikuona kuti wafulumira kukana, choncho ndilole ndikuuze maganizo anga.

Takumbukira zimene zidachitika pa African Games ya ku Accra, m'dziko la Ghana, m'mwezi wa Malichi 2024. Pa masewera a mmodzimmodzi, mendulo yagolide ya amuna idapita kwa Anuoluwapo Opeyori wa ku Nigeria, ndipo ya akazi adatenga Johanita Scholtz wa ku South Africa. Anthu awiri omwewa ndi amenenso adapambana mu 2019, masewerawa atachitikira ku Morocco. Ukaona maina omwewo akubwereza patapita zaka pafupifupi zisanu, dziwa kuti khomo la mmodzimmodzi ndi lopapatiza, ndipo amene ali m'kati sasuntha msanga. Koma ku Accra komweko Husina Kobugabe wa ku Uganda, amene adagonja kwa Scholtz m'ndime yomaliza ali yekha, adapambana golide wa akazi awiriawiri pamodzi ndi Gladys Mbabazi. Akadakhala ndi maganizo ngati akowa, akadabwerera ku Kampala wopanda golide. Nawo a ku Algeria adakolola pa awiriawiri: Koceila Mammeri adapambana ndi Youcef Sabri Medel kumbali ya amuna, kenako adapambananso ndi mlongo wake Tanina pa masewera ophatikiza mwamuna ndi mkazi. Mwa mamendulo agolide asanu amenewa, atatu amapatsidwa kwa osewera awiriawiri, ndipo iwe ukufuna kudzitsekera ku awiri mwa atatu amene mkazi angalimbirane.

Palinso nkhani ya kusankhidwa kumene. Masewera ngati amenewa si a badminton yokha. Dziko limanyamula othamanga, ankhonya, osambira ndi ena ambiri pa thumba limodzi la ndalama, ndipo masewera osatchuka kwathu kuno amapatsidwa malo ochepa. Akuluakulu akamawerengera mtengo wa tikiti ya ndege, malo ogona ndi chakudya, amayang'ana wosewera amene angalowe m'bwalo m'magawo angapo. Amene amadziwa kusewera yekha, kusewera ndi mkazi mnzake komanso kusewera ndi mwamuna, ndi wovuta kumusiya kunyumba. Usaiwalenso kuti pa badminton onse awiri ogonja m'ndime yolowera ku ndime yomaliza amalandira mendulo yamkuwa, kotero gawo lililonse limene ungalowe ndi mwayi wina wobwera ndi kanthu m'manja.

Amayi ako akuti dandaulo lako lalikulu ndi lakuti mtsikanayo sanafike pa luso lako, ndipo udzakhala ukugonja chifukwa cha zolakwa zake. Pamenepa ndipo ndikufuna tikhalitsepo. Masewera a awiriawiri si masewera a mmodzimmodzi ongowonjezerapo munthu. Bwalo limakula m'mbali kuchoka pa mamita 5.18 kufika pa mamita 6.1, koma malire a sevisi (kumenya koyambitsa pointi) kumbuyo amayandikira ndi masentimita 76, ndipo popeza lamulo limafuna kuti shuttle (kampira ka nthenga kamene amamenya pa badminton) imenyedwe ili pansi pa mamita 1.15 poyambitsa, sevisi yabwino ndi ija yongodutsa pamwamba pa ukonde pang'onong'ono. Mapointi ambiri amadziwika mwini wake pa kumenya kutatu koyamba. Pamenepo sipafunika dzanja lamphamvu kwambiri, pamafunika dzanja lofewa, maso achangu ndi mtima wodekha, ndipo n'kutheka kuti mphunzitsi wako waona zimenezi mwa mtsikanayo pamene iwe ukungoyang'ana kuti samenya mwamphamvu ngati iwe. Mukamaukira, mmodzi amaima kutsogolo wina kumbuyo, ndipo mukamadziteteza mumaima moyandikana, wina kumanja wina kumanzere. Kusinthana malo kumeneku kumachitika mosalankhula, m'kuphethira kwa diso, ndipo sikuphunziridwa kutatsala mwezi umodzi kuti mukwere ndege. Shuttle ikagwa pakati pa anthu awiri, aliyense akuyesa kuti mnzake aimenya, vuto silikhala luso ayi, limakhala lakuti anthuwo sanazolowerane. N'chifukwa chake ndikuti nthawi yoyambira ndi ino.

Ndikupempha chinthu chimodzi cha khalidwe, ndipo ndikuchinena monga bambo ako amene ndikukudziwa kuyambira uli wakhanda. Umakwiya msanga zinthu zikalakwika, ndipo nkhope yako siibisa. Ukakhala wekha m'bwalo, mkwiyo umenewo umapweteka iwe wekha, koma ukakhala ndi mnzako wamng'ono, kungomuyang'ana ndi diso loipa atataya pointi kumamufooketsa mpaka masewera kutha, ndipo adani anu akaona zimenezo amalunjika shuttle iliyonse kwa iye. Gemu ikafika pakati pamakhala mpumulo wa mphindi imodzi, ndipo pakati pa magemu pamakhala mphindi ziwiri. Nthawi imeneyo si yowerengerana zolakwa. Ndi yokambirana za mbali imene mphepo ya m'holo ikukankhira shuttle, za amene ali wofooka mwa adani awiriwo, ndi za amene atenge za pakati. Ngati pali chodzudzula, chidikire mpaka mutatuluka, ndipo chinenedwe mphunzitsi ali pomwepo.

Sindikubisa kuti pali mtengo wake. Pa mipikisano yotere masewera amapanikizana m'masiku ochepa, ndipo wolowa magawo atatu akhoza kusewera kangapo tsiku limodzi, maondo ndi mapewa n'kumva kuwawa. Iwenso uli ndi ntchito ndi banja. Koma yankho la zimenezi ndi kukhala pansi ndi mphunzitsi wako n'kugawa masiku a sabata bwinobwino, osati kukana zonse. Ine ndikuganiza kuti kusewera pafupi ndi ukonde, kumene awiriawiri amakakamiza munthu kuphunzira, kudzakonzanso masewera ako a wekha, chifukwa pamenepo ndi pamene nthawi zambiri ndimakuona ukutaya mapointi.

Choncho ndikukupempha kuti ubwerere kwa mphunzitsi wako sabata ino, umuuze kuti walingaliranso, ndipo uvomere kuyeserera ndi mtsikanayo kwa miyezi ingapo usanaweruze. Ndikudziwa kuti mashuttle a nthenga ndi okwera mtengo ndipo sachedwa kuthyoka anthu anayi akamamenya, kotero ndalama ya penshoni ikalowa ndidzakutumizira ya machubu awiri, kuti musamangoyeserera ndi apulasitiki amene amauluka mosiyana ndi a pampikisano. Undiyankhe ukakambirana naye. Amayi ako akupereka moni kwa iwe, kwa amuna ako ndi kwa mdzukulu wathu.

Ndine bambo ako wokukonda.