Lipoti la ku Ngabu: zomwe ndinaona m'mutu ndi m'khosi mwa ng'ombe

A tcheyamani, a mlembi, amayi ndi abambo nonse a kalabu yathu ya ziweto, ndabwerako ku Ngabu kuja munandituma. Ndalemba pano kuti anzathu amene ali kumadimba awerenge nawo.

Alangizi sanataye nthawi ndi bolodi. Anabwera ndi mutu wa ng'ombe wa kubutchala, khosi lili pomwepo, n'kuung'amba pakati ife tikuona. M'khosimo muli njira ziwiri zogundana. Ina ndi kholingo, ya timphete tolimba, yopita kumapapo. Ina ndi m'mero, wofewa, wotsikira chakumanzere kupita kumimba. Chiweto chikamameza, kanyama kena kamatseka pakhomo pa kholingo kuti madzi asalowere kumapapo. Ndinapisako chala, ndipo mtima unandipweteka.

Nonse mukudziwa mmene timamwetsera mankhwala a nyongolotsi: wina kukweza mutu kuloza kumwamba, wina kukoka lilime, botolo lonse khuthu! Chiweto chogwidwa chonchi sichimeza bwino. Mankhwala amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mbuzi yanga yaikazi ija inafa chaka chatha ndinaimwetsa motero. Inatsokomola, masiku angapo ikupuma movutika, ine n'kumanena wogulitsa mankhwala. Inafera m'manja mwanga momwemu. Chonde, mutu uzikhala mmene chiweto chimaimira, botolo lilowere m'mbali mwa kamwa, lilime tisaligwire, ndipo chikatsokomola tiziyamba taleka.

M'mero womwewo ndi umene mango kapena mbatata zimatsakamira. Mpweya umasowa potulukira, mimba n'kufufuma kumanzere, dovu lili chuchuchu. Kukankha ndi ndodo kumang'amba m'mero. Itanani alangizi msanga.

Za nyanga zinandidzidzimutsa. Nyanga ya ng'ombe yaikulu ili ndi mphako mkati, ndipo mphakoyo imalumikizana ndi ya pachipumi mpaka kumphuno. Tikaidula ndi sowo timasiya bowo lolowera m'mutu. Ndi kutentha kwathu kuno ku chigwa, ntchentche sizichedwa kuikira, mphutsi n'kuyamba. Ngati tikufuna ng'ombe yopanda nyanga, tizichotsa thole lisanakwane miyezi iwiri, kanyangako kasanamere pafupa.

Mano ndiwo adzatithandize pamsika. Ng'ombe yaikulu ili ndi mano 32, koma kutsogolo kumwamba kulibe, kuli nkhama zolimba basi. Akutsogolo apansi alipo 8. Awiri aakulu apakati, olowa m'malo mwa mano a uthole, amatuluka ikamayandikira zaka ziwiri, onse amakwanira pa zaka zinayi kapena zisanu. Wogula akati ng'ombe yanu ndi nkhalamba, itseguleni kukamwa aone yekha.

Jakisoni tizibaya pakhosi m'mbali, kutsogolo kwa phewa, osati pantchafu pomwe pali nyama yabwino. Tipewe ngalande ya m'munsi mwa khosi chifukwa mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Anationetsanso anabele, m'munsi mwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, amene amatupa pa matenda ena obwera ndi nkhupakupa. Kutupa kofewa pansi pa chibwano, kokhala ngati muli madzi, kawirikawiri ndi nyongolotsi, makamaka za m'chiwindi kwa ife odyetsera ku dambo la Elephant Marsh.

Koma mukaona dovu lambiri, matuza palilime ndi m'nkhama, ng'ombe n'kumatsimphina, musapisemo dzanja kenako n'kukagwira khola la mnzanu. Awo akhoza kukhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe atitseketsa misika kangapo kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Njati za kumalo osungira nyama zakutchire a Lengwe zimasunga kachilombo kake. Ng'ombe zisatuluke, uthenga upite kwa alangizi tsiku lomwelo.

Ndikupempha kuti Loweruka m'mawa tikumane pakhola la a tcheyamani, dzuwa lisanakwere. Mubwere ndi anyamata oweta, chifukwa botolo amagwira ndi iwowo. Ndalama yotsala paulendo ndapereka kwa a msungichuma.