Usadikire kuti chiwindi chiyambe kupweteka

Wokondedwa mwana wanga,

Mkazi wako wandiuza kuti atakupeza ndi kachilombo kogwira chiwindi ka hepatitis B tsiku lomwe unakapereka magazi, pepala unalipinda n'kuliika m'thumba la jekete, ati poti sukumva kupweteka paliponse. Amalume akonso ankatero. Unawaona wekha miyezi yawo yomaliza, maso achikasu, mimba itatupa ngati ng'oma, miyendo ngati timitengo. Kumudzi ankati awalodza. Ine amene ndagwira unamwino moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti ndi khansa ya chiwindi, koma tinachedwa.

Kachilomboka kakalowa m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga chiwindi, sikachita phokoso. Kamapanga puloteni yotchedwa HBx, ndipo iyi ndiyo imasokoneza mauthenga amene selo limatsatira. Muselo muli mlonda, dzina lake p53. Selo likawonongeka, iyeyu amaliletsa kugawikana, zikavuta amalilamula kuti life. HBx imamumanga manja mlondayo, selo lopunduka n'kumangokhalabe ndi moyo. Palinso puloteni ina yotchedwa beta-catenin, yomwe selo labwino limaiphwanya msanga kuti isachuluke. HBx imachititsa kuti iunjikane, ikalowe m'phata la selo n'kumakalamula kuti gawikana, gawikana, osapuma. Kuwonjezera apo, zidutswa za DNA ya kachilombo zimatha kudzisokerera mu DNA yathu, yomwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'selo. Kuti zonsezi zifike pa khansa zimatenga zaka makumi awiri kapena atatu munthu akudya bwino, akupita kuntchito. Ku Taiwan, wofufuza wina dzina lake Beasley ndi anzake anatsatira amuna 22,707, ndipo mu 1981 anaonetsa kuti pafupifupi onse amene anadwala khansayi anali okhala ndi kachilomboka.

Kwathu kuno pali mdani wachiwiri, chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa ponyowa zimatha kukhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku amene amalasa jini, kachigawo ka DNA, ya p53 yomweyo, pamalo amodzi enieni, a nambala 249. Mlonda womangidwa kale manja, n'kumuthyolanso mwendo. Mtedza wofota, wowawa uja, umene agogo ako ankausinja kuti ukhale nsinjiro poopa kutaya, iwe uzitaya. Mowa usiyiretu, ngakhale wa Loweruka umene umauchepetsa polankhula nane.

Tsopano chimene chandilembetsa kalata m'malo moimba foni. Amalume ako atamwalira ndinakayezetsa, nanenso ndili nako kachilombo ka hepatitis B. Mwana akakatenga pobadwa, mwa ana khumi, pafupifupi asanu ndi anayi kamakhalitsa m'thupi, pomwe wamkulu nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana kuno mu 2002, iwe uli kale kupulayimale. Ndiye usamuyang'ane mkazi wako ndi diso lokayika. N'kutheka kwambiri kuti ndinakupatsira ndine, osadziwa.

Tenga pepala lija upite nalo kuchipatala sabata ino. Akayeze mmene chiwindi chikugwirira ntchito, kuchuluka kwa kachilombo, HIV, ndipo akuunike pamimba. Akakuika pa tenofovir, usachite manyazi poti mankhwala omwewa ali m'ma ARV. Sachotseratu kachilombo, koma amakapondereza, ndipo usadzawasiye pawekha chifukwa chiwindi chimatha kutupa mwadzidzidzi. Mkazi wako akayezetse, akapezeka alibe abayitse katemera. Poti ndi woyembekezera, azamba adziwe nkhaniyi kusikelo, ndipo mufunsiretu za katemera wa mwana wa tsiku lobadwa lomwelo.

Loweruka ndikubwera ndi ufa. Ndidzafuna kuona buku lako lakuchipatala.

Ndine mayi ako.