Kalata kwa Tadala, kuchokera ku Fukuoka, ku Japan

Tadala mnzanga,

Kalata yako yafika Lachiwiri, koma ufa uja ayi. Wati unapatsira Chisomo, ndiye umuuze kuti ndikuwerenga masiku. Wotsala m'kachitini ndi wa nsima ziwiri basi, ndikuusunga ngati mankhwala. Zoti Mphatso wakwatiwa ndamva, tidzakamba bwino.

Chandisowetsa tulo n'china. Wamukumbuka mnyamata ndinkakuuza uja, wokhala tebulo loyandikana ndi langa, amene anandiphunzitsa kukwera sitima? Chitsegulireni sukulu mu April ankabwera bwinobwino. Titabwerako kutchuthi cha Golden Week kumayambiriro kwa May, munthu zii. Anangotumiza kalata ya dokotala yoti ali ndi matenda okhumudwa, apume miyezi iwiri. Ine chisoni, mpaka kumupempherera. Loweruka ndikutsegula Instagram, si uyo ali kunyanja ndi anzake, mano onse pamtunda, akuwotcha nyama! Ndinati aa, mapemphero anga onse aja?

Nditadandaula kwa mayi wina wa m'kalasi mwathu, yemwe kale anali namwino, anangoseka. Akuti zimenezi kuno zili ndi dzina, shin-gata utsu, kukhumudwa kwa mtundu watsopano. Kumene madokotala awo anazolowera ndi kwa bambo wachikulire, wakhama, wosajomba kuntchito, wodziimba mlandu pa chilichonse, wobisa matenda mpaka kugwa nawo. Ameneyo ukamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti apume, amachira. Watsopanoyu ndi wachinyamata, amapita yekha kuchipatala kukanena kuti ndakhumudwa, mlandu amaukankhira kwa bwana kapena mphunzitsi. Lolemba m'mawa thupi lolemera ngati thumba la simenti, Loweruka lapepuka. Mankhwala samugwira kwenikweni. Amene analemba za anthu oterewa mu 2005 ndi dokotala wa pa Kyushu University konkuno, Shin Tarumi, ndipo a Takahiro Kato ndi anzawo anapitiriza.

Ndikukudziwa, mutu wako wa ku Zomba Mental uja wafunsa kale kuti nanga amawazindikira bwanji. Pagona nkhani ndi pomwepo. M'mabuku akuluakulu ondandalika matenda aja, DSM ndi ICD, dzinali mulibe. Dokotala amayamba ndi mafunso tinkafunsa ife aja: tulo ukupeza, ukudya, milungu iwiri yakwana ukumva chonchi, zodzipha unaganizapo? Amaonanso ngati si bipolar, matenda osinthasintha pakati pa kusangalala kopyola muyeso ndi kukhumudwa aja. Akatero ndiye amafufuza kumene matendawo amamugwirira ndi kumene amamusiyira. A Kato anakonzanso mafunso 22 otchedwa TACS-22, oyeza zinthu zitatu: kuzemba maudindo, kudandaula za ena, ndi kudziona wachabechabe. Chachitatuchi ndiye chinandikhazika pansi. Ine ndinkaona ulesi ndi matama, pomwe mwina mwanayo akamaima pakhomo la kalasi amadziona ngati chinyalala. Ndipo mayi uja akuti ukamukalipira kapena kungomutaya, amatha kudzitsekera m'chipinda miyezi 6 kapena zaka, amene amati hikikomori aja. Mu 2023 boma lawo linati oterowo alipo pafupifupi 1.46 miliyoni, a zaka 15 mpaka 64. Tangoganiza, kuposa anthu onse amene anawerengedwa mumzinda wa Lilongwe pa kalembera wa 2018, aliyense kuseri kwa chitseko chake.

Tsono usaseke. Chimvereni zimenezi ndayeza aliyense. Chisomo ali nawo, ufa akuzemba uja ndi udindo. Alamu ako ali nawo, mutu umawapweteka nthawi yopalira yokha. Kenako ndadziyeza ndekha. Lolemba thupi kulemera? Eya. Kuloza chala aphunzitsi? Tsiku ndi tsiku. Chilowereni m'chipinda muno Lachisanu ndangotuluka kamodzi, usiku, kukagula buledi pasitolo yapakona, ndipo mawu amene ndayankhula ndi munthu ndi arigato basi, zikomo wa kuno. Kwathu ukanagogoda kale pazenera n'kundikokera kumsika. Kuno ukhoza kutha mwezi, woyandikana naye osadziwa ngati uli moyo.

Koma zinyalala zokha amazidziwa! Thumba lofiira la zowotcha, labuluu la zosawotcha, lachikasu la mabotolo, ndipo amatolera usiku. Sabata yatha ndinasokoneza kabotolo kamodzi, m'mawa ndinapeza thumba langa alisiya lokhalokha atalimata chipepala, aliyense wodutsa akulionera. Manyazi ake, ndinalowa nalo m'nyumba ngati ndaba.

Mnyamata uja ndamulembera dzulo pa LINE, yomwe ili ngati WhatsApp ya kuno. Sindinatchule za kunyanja, ndangoti mpando wako ulipo, ndipo sitima ija ndimasocherabe nayo. Pakuonetsa kuti wawerenga, koma yankho palibe. Foni ndaiyang'ana mwina ka 30. Ndikufuna undiuze zoona, iwe amene umaona odwala tsiku lililonse, ukanakhala ine ukanalembanso kapena ukanadikira? Chifukwa ndikuopa kuti ndikalembanso aona ngati aphunzitsi andituma, koma ndikangokhala chete ndiye kuti nanenso

Dikira, nthawi yatha ndipo lero ndi tsiku la thumba lofiira, ndisanalitulutse. Pepala nalonso latha. Moni kwa amayi. Ufa, Tadala, ufa.

Ine wako,
Thoko