Kwa mwana wanga amene walowa m'bodi ya sukulu

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi apongozi athu pamodzi ndi adzukulu. Nkhani yoti akusankha kulowa m'bodi ya sukulu ya mishoni ija ya kunyanja yatisangalatsa zedi. Amayi ako anachita kuimba nthungululu pakhonde mpaka aneba kubwera kudzafunsa chachitika. Pa foni paja unandifunsa kuti uyambire pati, ndipo zoterezi sizitheka kuzifotokoza mayunitsi akutha, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Ukudziwa kuti ndinagwira ntchito ya uhedimasitala mpaka kupuma, choncho a bodi ndimawadziwa bwino ngati alendo amene ndinkawalandira. Tsiku la msonkhano wao bwalo limaseseredwa m'mamawa, miyala ya m'mbali mwa njira imapakidwa laimu, kwaya imaimba, ndipo nkhuku imafa. Palibe choipa pamenepo, ndi ulemu wathu. Koma sukulu imene mudzaione tsiku limenelo si imene ana amakhalamo. Iwe upemphe kwa ahedi, mwaulemu, kuti ukayendere sukuluyo tsiku wamba, Lachiwiri lililonse, popanda kwaya. Ukalowe m'zimbudzi za atsikana uone ngati zitseko zimatsekeka ndiponso ngati pali madzi pafupi. Ukaime kukhitchini nthawi yopakula, uone kukula kwa chipande, ulawe nyemba zimene akudya. Ukatambasule neti imodzi m'hositelo uone zibowo.

Ukafika kuhositeloko, yang'anitsitsa chitseko. Sukulu zina zimakhoma ana ndi loko wakunja usiku poopa kuti angathawire kumavidiyo, mawindo ali ndi zitsulo, kiyi ali m'thumba mwa mlonda amene mwina wapita kukaotha moto kugeti. Mu Sepitembala 2024 ku Kenya, m'dera la Nyeri, anyamata 21 anafa moto utabuka usiku m'hositelo ya Hillside Endarasha Academy. Funsa kuti kiyi amagona ndi ndani, khomo lachiwiri lili kuti, ndipo ana anayesererapo liti kutuluka mothamanga mumdima. Akakuyankha kuti "sizinachitikepo kuno", usakhutire ndi yankho limenelo.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kampu imene sukuluyo imachititsa pa holide ya Ogasiti. Anthu amaiona ngati masewera chabe, poti ndi nyimbo, mpira, Baibulo ndi kusambira. Ine ndikuti mpamene bodi iyenera kutsegula maso kuposa nthawi ya teremu. Pa teremu mphunzitsi amadziwa mwana aliyense, amadziwa wa mphumu, wa khunyu, wosachedwa kulira. Pa kampu pamabwera ana ochokera kutali, ena sanagonepo kunja kwa nyumba ya makolo ao, ndipo owayang'anira ambiri ndi achinyamata ongodzipereka. Kodi anawasankha ndani? Alipo amene anafufuza mbiri yao kumpingo kapena kumene ankagwira ntchito? Lamulo loteteza ana la 2010, lija la Child Care, Protection and Justice Act, likukhudza inu a bodi, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mtsikana wa Fomu 4 wa zaka 17, kaya ndi wamtali kukuposa, ndi mwana basi. Pasapezeke wamkulu aliyense, kaya ndi mbusa, kaya mzungu wobweretsa thandizo, wotsekerana chitseko ndi mwana awiriwiri. Zimenezi zilembedwe papepala, aliyense asainire, ndipo nambala yaulere ya foni yothandizira ana ya 116 imatidwe pakhoma pamene mwana angaione popanda kufunsa munthu. Ndipo mwana akadandaula, nkhani isathere mu ofesi poteteza dzina la sukulu. Mawu akuti "tikambirana mwapachibale" ndawamva kambiri pa moyo wanga, ndipo wolira pamapeto pake amakhala mwana.

Kenaka pali nyanja. Iwe unakulira kumtunda, sudziwa mmene mwera umasinthira madzi. Mwezi wa Ogasiti mphepoyo imakhala isanaleke, m'mawa nyanja ili bata, pofika masana mafunde akumenya gombe. Pakhale munthu wodziwa kusambira amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana okha, osagwira foni, ndipo aziwerengedwa polowa m'madzi ndi potuluka. Asamasambe pamalo a bango ndi madzi odikha, pamene pamakhala nkhono za likodzo. Za madzi akumwa sindichita kukuuza, ukukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima anavutika koopsa. Funsa kuti klorini amagula ndani, komanso mwana akadwala pakati pa usiku galimoto yopita naye kuchipatala ili kuti, mafuta ake alipo kapena ayi.

Za ndalama sindichulutsa, poti ndi ntchito yako ya tsiku ndi tsiku ndipo mwina n'chifukwa chake akufuna iwe. Ndalama za kampu zisasakanikirane ndi fizi. Cheke chopanda kanthu usasaine, ngakhale akuuze kuti tcheyamani akuthamangira kumaliro. Bajeti yakale usaikhulupirire msanga, pajatu mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo sukulu ikapanikizika chimene chimayamba kuchepa ndi ndiwo za ana. Koma pali china chimene mabuku a akaunti sanakuphunzitse. Achibale amva kale. Posachedwa wina abwera kuti umupezere mwayi woperekera chimanga kapena nkhuni, wina malo a mwana wake amene sanakhoze bwino Sitandade 8. Uziwauza kuti bambo anandiletsa, mlanduwo ubwere kwa ine, ndili ndi msana wosenzera. Ngati wachibale wapikisana nawo mwachilungamo, unene poyera pamsonkhano kuti ndi mbale wako, utuluke panja mpaka amalize kukambirana.

Tsono za akuluakulu amene uwapeze m'bodimo. Ena anayamba kutumikira sukuluyo iwe uli kupulaimale. Ndi anthu a mtundu wa aja tinkaumba nawo njerwa mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulaimale, ana atachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, tikuphunzitsira pansi pa mitengo. Sadziwa kompyuta, koma amadziwa amene anapereka malo a sukuluyo, mfumu imene muyenera kuyamba kuionera, ndi chifukwa chimene mpanda unakhotera pamene unakhoterapo. Uwapatse ulemu wao. Usanalankhule zambiri, pempha maminitsi a zaka zapitazi uwerenge, uone zimene anagwirizana koma sizinachitike. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye usachite manyazi kufunsa funso limene ena analeka kufunsa kalekale. Ungolifunsa mofatsa, ndipo likapanda kuyankhidwa upemphe kuti lilembedwe m'maminitsi kuti lidzabwerenso. Anzako atsopano amene mwalowa limodzi usapange nawo kagulu kolimbana ndi akale, bodi ikagawikana ahedi sadziwa womumvera.

Ahediwo uwasiyire ntchito yao. Zinkandipweteka wa bodi akalowa m'kalasi n'kuyamba kudzudzula mphunzitsi pamaso pa ana, kapena kuimbira foni wophika kumuuza zochita. Ukaona cholakwika, pita nacho kwa ahedi kapena kumsonkhano. Uziwafunsanso chimene akusowa, chifukwa mpando umenewo ngwosungulumwa, aliyense amabwera ndi dandaulo, wobwera kudzafunsa kuti "tikuthandizeni chiyani" ndi wosowa.

Undiuze tsiku la msonkhano wanu woyamba kuti tidzakupempherere pa mapemphero a m'mawa. Amayi ako akuti pa sabata ya kampuyo ana ubwere nawo kuno, kuti iwe ukagone konko usiku umodzi kapena uwiri, m'hositelo ya atsikana momwemo.

Ndine bambo ako okukonda.